Laputopu yakale ija isandutseni nkhokwe ya pakhomo

Alamu anga anawatsomphola foni pa renki ya Noord ku Joni Lachisanu lina madzulo, ali pamzere wa takisi. Foniyo payokha sinawapweteke mtima kwenikweni, inali yong'aluka kale sikirini. Chinawasowetsa tulo n'zomwe zinali m'katimo: zithunzi za mwana wawo kuyambira ali wakhanda, vidiyo ya maliro a mayi awo ku Mangochi omwe iwo sanathe kupitako, ndiponso zithunzi za pasipoti ndi mapepala a kuntchito.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, kodi simunkasungira kwa Google?"

"Aaa alamu, chija chinadzaza kalekale. Chinkangondiuza za kulipira, ine n'kumangochikankhira kumbali."

Sananame. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB okha, ndipo malo omwewo amagawana Gmail, Drive ndi Photos. Kuyambira 2024, nazo zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimadya malo omwewo. Munthu amene ali m'magulu atatu a kumudzi, la tchalitchi ndi la chipereganyu, malo amenewa sachedwa kumuthera.

Lamlungu lake tinatulutsa laputopu yomwe inali pansi pa bedi lawo ku Rosettenville, ya kiyibodi yoguluka mabatani awiri, n'kuisandutsa seva. Mawu akuti seva asakuopseni. Ndi kompyuta chabe imene imakhala choyaka usana ndi usiku pakona, yolumikizidwa ku rauta, ntchito yake kusunga zinthu ndi kuzipereka kwa mafoni ndi makompyuta ena a m'nyumbamo akazifuna. Kwathu tikanati nkhokwe. Zimene tinachita tsikulo ndi zimene ndikufotokozereni pano, pamodzi ndi pomwe ine ndinapunthwa poyamba.

Kusankha makina

Nthawi ino ndi yabwino kwa wofuna makompyuta akale. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale chifukwa imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Choncho maofesi ndi mabanja akutaya makina oti alibe vuto lililonse. Ngati mumagwira ntchito m'nyumba kapena mu ofesi ku Sandton kaya ku Randburg, funsani abwana mwaulemu za makompyuta omwe aunjikidwa m'galaja. Ambiri amangosowa kowataya.

Pakati pa laputopu ndi kompyuta ya bokosi lalikulu ija, kuno ku Joni ine ndimasankha laputopu mosaganiza kawiri. Chifukwa choyamba ndi mayunitsi. Laputopu yongokhala, sikirini itazima, imadya mawati pafupifupi 10. Chulukitsani ndi maola 24, kenako ndi masiku 30, mupeza mayunitsi 7.2 pamwezi. Bokosi lakale lodya mawati 80 limameza mayunitsi 57.6 pamwezi womwewo. Tengani lisiti lanu la magetsi, muone mtengo wa yuniti imodzi, muwerengere nokha. Ngati mumakhala chipinda cha kuseri, mita n'kukhala imodzi ndi a landilodi, kusiyana kumeneku ndiye kumabweretsa kapena kuletsa mkangano wa pakutha pa mwezi.

Chifukwa chachiwiri ndi batire. Amene tinalipo mu 2023, pomwe kampani ya magetsi ya Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, tikudziwa. Ngakhale masiku omwe kuzima kwa ndondomeko kulibe, akuba mawaya sapuma, ndipo dera lonse limatha kugona mumdima. Kompyuta ya bokosi magetsi akathima imangoti zii pomwepo, mwina ili pakati polemba fayilo, ndipo kuzima kotere kukachuluka disiki imawonongeka. Laputopu imapitiriza ndi batire yake ngati palibe chachitika.

Musavutike kufuna yamphamvu. Core i3 kapena i5 ya m'badwo wa 4 kupita m'tsogolo ndi yokwanira. M'badwo mumauona pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: i5-6200U ndi ya m'badwo wa 6. RAM ya 4 GB imakwana ngati cholinga n'kusunga mafayilo basi, koma 8 GB imakupatsani mpata wodzawonjezera zina. Sikirini yosweka pakona, kiyibodi yoperewera mabatani, zonsezi zilibe kanthu, ndipo zimatsitsa mtengo. Chofunika n'chakuti ikhale ndi bowo lolowetsa kebulo ya netiweki, ndi bowo la USB limodzi kapena awiri a buluu m'kati, omwe ndi USB 3, othamanga.

Ngati mukugula, pa Facebook Marketplace kaya m'mashopu a katundu wogwiritsidwa kale ntchito, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Ine yoyamba ndinagula kwa mnyamata wina amene tinakumana pafupi ndi renki. Inali yonyezimira, yopanda n'kachilema komwe. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti BIOS yake, posinthira makonzedwe a makina Windows isanayake, ndi yokhoma ndi pasiwedi, ndipo nambala ya mnyamatayo inali itasiya kale kugwira. Mwina inali ya kampani ina, ndipo mmene inachokera kumeneko sindifuna n'kuganiza komwe. Mlendo m'dziko la eni sayenera kupezeka ndi katundu wosadziwika bwino. Funsani lisiti, ndipo musanapereke ndalama chitani zitatu izi pamaso pa wogulitsayo.

Iyatseni n'kulowa mu BIOS. Pa Dell mumadina F2 ikangoyaka, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi F1. Ikafunsa pasiwedi yomwe mwiniwake saidziwa, bwezani.

Onani batire. Ngati muli Windows, tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Lipoti lake limaonetsa mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano ndi imene yatsala. Theka likatsala, n'zokwanira pa ntchito yathuyi. Koma itembenuzeni muione bwino: ngati pansi pake patukumuka, kapena pogwiritsa chala paja pakwera m'mwamba, batireyo yatupa. Batire yotupa ndi moto wodikira tsiku. Imeneyo ichotsedwe, isagone m'nyumba.

Mverani fani. Kulira pang'ono si vuto, ndi fumbi. Kukhotchola ngati chigayo chatha mafuta ndiye kuti mudzagula ina.

Kuyeretsa ndi kukonza BIOS

Musanafufute kalikonse, koperani zonse zofunika zomwe zili m'makinamo, chifukwa zomwe tichite zisesa disiki yonse. Kenako chotsani chaja, masulani chivundikiro cha pansi, mupukute fani ndi kaburashi kofewa. Fumbi la kuno, makamaka la mphepo ya mu Ogasiti kwa amene tili pafupi ndi milu ya m'migodi, limaumbika m'kati ngati thonje. Ya alamu tinatulutsamo chimpukutu chokwana chala chachikulu.

Ngati muli ndi kandalama, chotsani disiki yakale yozungulira ija muikemo SSD, disiki yothamanga yopanda chozungulira m'kati, ngakhale yaing'ono ya 120 GB kapena 240 GB. Mmenemo mukhala pulogalamu yoyendetsa makina. Katundu weniweni, zithunzi ndi mavidiyo, adzakhala pa disiki ina yaikulu ya USB.

Mu BIOS fufuzani mawu onena za kuyaka yokha magetsi akabwera. Pa Dell amalemba Wake on AC kapena AC Recovery, pa ThinkPad ndi Power On with AC Attach. Yatsani chimenecho. Phindu lake mudzaliona tsiku lomwe magetsi adzathime nthawi yaitali mpaka batire kutha inu muli kuntchito: akabwera, seva idzadzuka yokha. Malaputopu ena a Dell alinso ndi posankha Primarily AC Use, pomwe pamathandiza kuti batire isatope ndi kukhala pa chaja nthawi zonse. Makina ena alibe zimenezi, musataye nazo tsiku.

Kuika Linux

Windows yosasamalidwanso si yoisiya pa intaneti usana ndi usiku. Tiika Linux, yomwe ndi yaulere. Mitundu yake ndi yambiri ndipo okonda makompyuta amakangana za iyo ngati za Bullets ndi Wanderers. Ine ndikuti tengani Ubuntu Server 24.04 LTS. Inatuluka mu Epulo 2024 ndipo idzalandira zokonza za chitetezo mpaka 2029. Chinanso, mukakakamira penapake, yankho lake limapezeka msanga chifukwa oigwiritsa ntchito ndi ochuluka. Kampani yomwe imapanga Ubuntu inayambitsidwa ndi Mark Shuttleworth, mwana wa dziko lomwe lino, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timaudziwa kwathu.

Pa kompyuta ina, pangani dawunilodi fayilo ya Ubuntu Server pa tsamba lawo. Ndi yaikulu ma GB angapo, choncho chitirani pa Wi-Fi, osati pa bandulo ya foni. Pezaninso kapulogalamu kotchedwa Rufus, kapena balenaEtcher, komwe kamalemba fayiloyo pa fulashi. Fulashi ya 8 GB ikwana, ndipo zonse zomwe zilimo zifufutika.

Lumikizani laputopu ku rauta ndi kebulo. Wi-Fi isiyireni mafoni. Seva imafuna kebulo, chifukwa siduladula ndipo imathamanga. Bayani fulashi, yatsani, mudine F12 pa Dell ndi Lenovo kapena F9 pa HP, n'kusankha fulashiyo.

Mafunso omwe abwere ndi osavuta, mumayenda ndi mabatani a mivi ndi Enter. Atatu okha ndiwo ofuna maso. Pofika pa disiki, onetsetsani kuti disiki yaikulu ya USB ija sinabayidwe, kuti musafufute yolakwika. Pomwepo pali kabokosi konena za LVM. Chotsani chizindikiro chake, apo ayi Ubuntu imatha kungotenga gawo la disiki n'kusiya malo ena osagwira ntchito. Pofika pa dzina ndi pasiwedi, sankhani pasiwedi yaitali, osati chaka chobadwa cha mwana wanu, ndipo muilembe m'kabuku. Pomaliza ikafunsa za Install OpenSSH server, vomerani. Chimenechi ndicho chidzakulolani kulamula seva muli pa kompyuta ina, osaigwiranso.

Ikamaliza, zulani fulashi, iyakenso. Mudzaona sikirini yakuda ndi timalemba toyera, popanda zithunzi, popanda mbewa. Alamu ataona anati, "Basi taiwononga." Sitinaiwononge, ndi mmene imaonekera. Lowani ndi dzina ndi pasiwedi zija, mulembe:

sudo apt update && sudo apt upgrade

Mawu akuti sudo ali ngati kunena kuti "ndikulamula monga mwini nyumba", n'chifukwa chake amafunsa pasiwedi. Polemba pasiwediyo sipaoneka kanthu, ngakhale timadontho. Lembani basi, mudine Enter.

Isagone mukaitseka, ndipo isasinthe adiresi

Laputopu mwachibadwa imagona mukatseka chivundikiro. Seva yogona ilibe ntchito. Lembani:

sudo nano /etc/systemd/logind.conf

Pezani mzere wa HandleLidSwitch, chotsani chizindikiro cha # kumayambiriro kwake, ndipo muusinthe ukhale HandleLidSwitch=ignore. Sungani ndi Ctrl ndi O, Enter, tulukani ndi Ctrl ndi X, kenako lembani sudo reboot.

Ikayakanso lembani hostname -I. Ikupatsani nambala yonga 192.168.1.50, yomwe ndi adiresi ya seva m'nyumba mwanu. Vuto n'lakuti rauta imagawa manambalawa mmene yafunira, ndipo mawa itha kupereka ina. Lowani mu rauta yanu pa foni; adiresi ndi pasiwedi yake zimalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pake. Fufuzani DHCP reservation kapena Static lease, mumangirire nambalayo ku seva. Kuyambira pano mutha kutseka laputopu, kupita pa kompyuta ina, kutsegula PowerShell, n'kulemba ssh dzinalanu@192.168.1.50, mutaika dzina lanu lolowera ndi nambala ya seva yanu. Muli m'kati.

Nkhokwe yeniyeniyo

Tsopano bayani disiki yaikulu ya USB. Ya 1 TB imasunga zithunzi za banja kwa zaka zambiri; mavidiyo ndiwo amadya malo. Ngati ndi yakale, iyezeni kaye:

sudo apt install smartmontools
lsblk
sudo smartctl -a /dev/sdb

Lamulo la lsblk limaonetsa madisiki onse ndi kukula kwake. Kawirikawiri ya m'kati ndi sda, ya USB ndi sdb, koma musakhulupirire ine, yang'anani kukula. Pa lipoti la smartctl onani mizere itatu. Power_On_Hours ndi maola omwe yagwira ntchito. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye ya maola 35,000 yatha zaka zinayi ikuzungulira. Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector ziyenera kukhala pa 0. Zikayamba kukwera ndiye kuti anankafumbwe alowa, musaikemo chimanga chanu.

Apa ndi pomwe ndikupemphani kudekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo lotsatirali limafufuta zonse pa disiki yomwe mwaitchula, ndipo silibweza. Ine ndinataya nalo nyimbo zomwe ndinasonkhanitsa zaka zisanu chifukwa cholemba c m'malo mwa b, usiku, ndili ndi tulo. Bwerezani lsblk, werengani kawiri, kenako:

sudo mkfs.ext4 /dev/sdb1
sudo mkdir /srv/nkhokwe
sudo blkid /dev/sdb1

Lomalizali likupatsani nambala yaitali yotchedwa UUID, dzina la disikiyo lomwe silisintha ngakhale mutaibaya bowo lina. Tsegulani fayilo ina ndi sudo nano /etc/fstab, ndipo pansi penipeni muwonjezere mzere uwu, mutaika nambala yanu:

UUID=nambala-yanu /srv/nkhokwe ext4 defaults,nofail 0 2

Mawu akuti nofail musawaiwale. Popanda iwo, tsiku lomwe mwana adzazule disiki, seva idzakana kuyaka bwino, inu n'kumaganiza kuti yafa. Sungani, mulembe sudo mount -a. Ikangokhala chete osadandaula, zatheka.

Chatsala n'kutsegula khomo loti mafoni alowere. Pulogalamu yake ndi Samba:

sudo apt install samba
sudo chown -R dzinalanu /srv/nkhokwe
sudo nano /etc/samba/smb.conf

Pansi pa fayiloyo lembani:

[banja]
path = /srv/nkhokwe
read only = no
valid users = dzinalanu

Kenako sudo smbpasswd -a dzinalanu kuti muike pasiwedi ya khomolo, ndi sudo systemctl restart smbd.

Pa Windows tsegulani File Explorer mulembe \\192.168.1.50\banja pamwamba paja. Pa iPhone, mu Files muli Connect to Server, mulembe smb://192.168.1.50. Pa Android mapulogalamu ambiri oonera mafayilo amadziwa SMB, njira imene Samba imalankhulira. Kuti zithunzi zizisamuka zokha, ikani FolderSync kapena PhotoSync pa foni, muiuze kuti usiku uliwonse, foni ikakhala pa Wi-Fi ya pakhomo, izikopera foda ya kamera ndi ya WhatsApp kupita ku seva. Gawo limeneli ndiye mtima wa ntchito yonse. Munthu sakumbukira kukopera pamanja. Amakumbukira foni itapita kale. Mavidiyo nawo safuna zambiri: VLC ya pa foni imaona seva yokha ndipo imasewera pompo.

Titafika apa, alamu anajambula chithunzi cha mbale ya nsima yomwe inali patebulo, tinadikira pang'ono, n'kuchiona chatulukira pa kompyuta yanga. Anaseka ngati mwana.

Poiika, ndi za mphenzi

Ikhale pamalo ouma, pa thabwa kapena pa shelefu, osati pa bulangeti kapena pa kapeti, ndipo kutali ndi mbaula ndi nthunzi ya mphika. Ikani tizitsekerero ta mabotolo tinayi pansi pake kuti mpweya uzidutsa. Isaonekere pawindo.

Batire ya laputopu siithandiza rauta. Magetsi akathima seva ikhala moyo koma yosalankhula ndi aliyense. Kabokosi kaja kotchedwa mini UPS, komwe ambiri tinagula nthawi ya mdima, ndi kokwanira kuyendetsa rauta ndi kabokosi ka faiba maola angapo. Onani kuti mavoti a magetsi ake (volts) akugwirizana ndi olembedwa pa rauta. Ambiri ndi 12.

Mvula ya kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, imabwera masana ndi ziphaliwali zoopsa. Ulusi wa faiba ndi galasi, sutenga magetsi, koma mawaya a magetsi amatenga. Gulani pulagi yoteteza ku kukwera kwadzidzidzi kwa magetsi, mubayepo chaja ndi rauta. Imathandiza pa zing'onozing'ono, monga magetsi akamabwerera mwamphamvu, koma mphenzi ikagwa pafupi palibe pulagi yomwe ingaime nayo. Mukakhala pakhomo kumwamba kukayamba kugunda, zulani ku khoma. Seva ipitiriza ndi batire.

Kuifikira muli kutali

Anthu ena adzakuuzani kuti mutsegule timakomo (ports) pa rauta kuti seva ifikirike kulikonse. Musatero. Pa intaneti pali makina omwe ntchito yawo n'kugogoda khomo lililonse usiku wonse, ndipo Samba si yoionetsa kunja. Komanso ngati intaneti yanu ndi ya rauta ya LTE kapena 5G, nthawi zambiri adiresi yanu ya kunja mumagawana ndi makasitomala ena ambirimbiri, ndiye kutsegulako sikugwira n'komwe.

Njira yosavuta ndi Tailscale, yomwe munthu wamba amagwiritsa ntchito ulere. Imamanga kanjira kobisika pakati pa zipangizo zanu zokha. Pa seva lembani:

curl -fsSL https://tailscale.com/install.sh | sh
sudo tailscale up

Ikupatsani linki yoti mutsegule pa foni n'kulowa ndi akaunti yanu. Ikani Tailscale pa foniyo, mulowe ndi akaunti yomweyo. Seva ilandira adiresi ina yoyamba ndi 100, ndipo mukaigwiritsa ntchito m'malo mwa ya 192 ija, mafayilo anu mumawapeza muli ku Pretoria pamzere wa mapepala, kaya muli ku Mzimba pa tchuthi. Mutha kuchitanso chimodzimodzi pa foni ya achemwali anu kumudzi, koma muwachenjeze kuti vidiyo iliyonse yomwe atsegule ikudya bandulo yawo.

Zina zonse zidikire

Mukangoona kuti zatheka, mtima umayamba kulakalaka. Pali Jellyfin, yomwe imasanja mafilimu anu bwinobwino n'kumaonetsa pa TV. Pali Pi-hole, yotchinga zotsatsa malonda zambiri pa zipangizo zonse za m'nyumba, ngakhale za pa YouTube siziletseka nayo. Pali Kiwix, yomwe imasunga Wikipedia pa seva kuti ana aziwerenga popanda intaneti. Ya Chingerezi yonse ndi zithunzi zake ndi pafupifupi 100 GB. Zonsezi n'zabwino. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndinaika zisanu sabata imodzi, china chitasokonekera sindinadziwe kuti ndi chiti, ndipo Pi-hole itaima nyumba yonse inakhala yopanda intaneti, mayi a kunyumba akundiyang'ana ndi diso lija. Lolani seva igwire ntchito imodzi mwezi wathunthu. Ikakhazikika, onjezani chimodzi, mudikirenso.

Kamodzi pamwezi lowani, mubwereze lamulo la apt lija, muyang'ane smartctl, ndipo df -h ikuuzani malo otsala.

Nkhokwe imodzi siikwana

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza. Zithunzi zikakhala pa seva pokha, mutazifufuta pa foni, simunasunge kanthu, mwangosamutsa ngozi. Disiki imafa osatsanzika. Akuba akathyola chitseko amanyamula laputopu ndi disiki yomwe. Moto wa mbaula ya parafini mu Juni susankha. Ndipo ife a kuno timadziwa kuti munthu umatha kusamuka usiku umodzi, osanyamula zonse.

Lamulo lomwe osunga zinthu amatsata ndi la 3-2-1: chinthu chofunika chikhale malo atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kutali ndi nyumba. Kwa ife kutaliko tili nako kale.

Gulani disiki yachiwiri. Iyi muikonze pa Windows ngati exFAT, kuti kompyuta iliyonse kumudzi ithe kuiwerenga, poti ext4 ija Windows siiwerenga. Ibayeni pa seva, muone dzina lake ndi lsblk, kenako:

sudo mkdir /mnt/yachiwiri
sudo mount /dev/sdc1 /mnt/yachiwiri
sudo rsync -rtv /srv/nkhokwe/ /mnt/yachiwiri/
sudo umount /mnt/yachiwiri

Ulendo woyamba zitenga nthawi, mwina usiku wonse. Maulendo otsatira rsync imangokopera zatsopano. Mukamaliza izuleni, isakhale yobaya, kuti chogwera seva chisagwere iyonso. Ndipo ibayeni pa kompyuta ina mutsegule zithunzi zingapo ndi vidiyo imodzi, muone ndi maso anu kuti zilimo.

Mapepala ndi nkhani ina. Pasipoti, chitupa cha dziko, pemiti, makalata obadwira ana, mapepala a malipiro, zonsezi zijambuleni bwino, muziike mu foda imodzi, n'kuikhoma ndi pulogalamu ya 7-Zip posankha AES-256 ndi pasiwedi yaitali. Fayilo yokhomayo ndi yaing'ono, ndiye ikani paliponse: pa seva, pa disiki yachiwiri, ndi pa Google pomwe, poti tsopano malo apezeka. Wakuba akaipeza sangaitsegule. Pasiwediyo auzeni munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, chifukwa inunso mukaiiwala palibe angakutsegulireni. Chithunzi sichilowa m'malo mwa pepala lenileni, koma pokakonzetsa lotayika, kukhala ndi nambala ndi masiku ake m'manja kumafupikitsa ulendo.

Disiki yachiwiri ya alamu inanyamuka pa basi pa Park Station mu Disembala, itakulungidwa m'chitenje, m'chikwama cha m'manja cha mphwawo, osati m'ngolo ya katundu momwe matumba amaponderezana mpaka ku Mwanza. Ili mu sutikesi ya achemwali awo ku Mangochi. Agula yachitatu yomwe ikudzaza kuno, ndipo wopita kumudzi pa Isitala adzapita nayo n'kubwera ndi inzake ija.